Kamera inakomoka pa perekani perekani ku Ngabu

Aliyense amene anatsikapo phiri la ku Chikwawa mwezi wa Okutobala amadziwa malo amene mpweya umasinthira. Umanyamuka mu Blantyre kukadali kamphepo kam'mawa, pa Chadzunda n'kuona anthu ena atavala majuzi, kenako msewu n'kuyamba kukhotakhota. Kumunsi uko Shire akung'anima, minda ya nzimbe ili biriwiri pakati pa dziko louma gwa. Makutu amatseka. Pofika pa Thabwa mphepo yolowera pawindo imakhala yowawula nkhope, ndipo amene anavala jekete amakhala atalivula kalekale. Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene chigwachi chili pa mamita 100 kapena kucheperapo, ndipo kutsika konseku kumatha munthu usanayende makilomita 50.

Ndinkapita ku Ngabu kukajambula ukwati. Mkwati, mnyamata wogwira ntchito mu Blantyre momwemo, anandipeza kudzera mwa mnzake amene ndinamujambulirapo chinkhoswe. Pa mtengo sanavute. Mawu amene anangokhalira kubwereza ndi akuti, "Achimwene, ndikufuna 4K. Osati zija zooneka mbuu." Ndinavomera chifukwa kamera yake ndinali nayo, ya mtundu wa mirrorless umene aliyense akuuthamangira masiku ano: yaing'ono, yakuda bii, yopepuka moti umayenda nayo tsiku lonse phewa osawawa. Dzina lake sinditchula, pakuti vuto limene ndikusimba pano si la kampani imodzi. Inali itagwira kale maukwati mu Blantyre ndi ku Zomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni, osadandaula olo kamodzi.

Mkangano woyamba wa pa ulendowu unali wa tiraipodi. Kondakitala anayang'ana miyendo yake itatu ija n'kunena kuti ameneyo ndi munthu, alipire mpando. Ndinati ndiiika pakati pa miyendo yanga. Iye anati pakati pa miyendo yanga m'pamene pakhale thumba la ufa la mayi awa. Tinakokanakokana mpaka pa mlatho wa Kamuzu, pamene gogo wina kumbuyo anati, "Mwana wanga, asiye bambowa, mwina ndi amene adzakujambule tsiku lako." Basi yonse inaphulika kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa Dyeratu, podikira basi ina, ndinadya kanyenya wa mbuzi amene ootcha nyama a m'tauni ayenera kutsika kudzaphunzira. Nyama yake inali yofewa, mchere wokwanira, tsabola woluma bwino, ndipo mbale yake sinali ya manyazi. Kwathu ku Ndirande amakugulitsa mitsempha ndi mafuta, ukadandaula n'kukuuza kuti zinthu zakwera. Kuchokera pamenepo msewu wa M1 umawongoka kudutsa ku Nchalo, milambe ili njo m'mbali, ndipo malo ena mchenga umene madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya m'minda unkaonekabe.

Nditafika ku Ngabu, usiku wa Lachisanu magetsi anazima, fani ya kudenga inaima, alendo tonse a pa resitihausi tinakokera mamatilesi pakhonde, udzudzu n'kuchita nafe phwando.

Tchalitchi cha ukwatiwo chinali cha malata, chopanda siling'i. Mwambo umene unayenera kuyamba 8 koloko unayamba dzuwa litakwera kale, malata akuthetheka. Ndinaimika kamera pambali pa guwa n'kuitchera pa 4K, mafuremu 50 pa sekondi, kuti mavinidwe a aperekezi ndidzathe kuwachedwetsa bwino pokonza kanemayo. Kulowa kwa mkwatibwi kunajambulika, kwaya inajambulika. Ulaliki uli pakati, pakona ya sikirini panatulukira kachizindikiro kachikasu, kachithunzi ka choyezera kutentha. Nditagwira kumbuyo kwa kamera, pamene sikirini imagonera, panali juu. Apa panali kusankha pakati pa ulaliki ndi malumbiro. Ndinaizimitsa, n'kuikupiza ndi pepala la pulogalamu mpaka abusa atati akwatiwo aimirire. Malumbiro ndi mphete zinalowa zonse. Ndinatuluka m'tchalitchimo malaya atanyowa chee, ndikuganiza kuti povuta ndadutsapo.

Madyerero anali pabwalo la mpira. Tenti inalipo, koma tenti ndi ya akwati ndi alendo olemekezeka. Wojambula malo ake ndi pakati pa bwalo, pamene dzuwa la 2 koloko likuswa mtengo. A zanyengo amachenjeza kawirikawiri m'miyezi imeneyi kuti ku chigwa cha Shire kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo muyezo umenewo amautenga pamthunzi.

Amene sanaimepo kumbuyo kwa kamera sadziwa kuti kwa achibale gawo lalikulu la ukwati ndi perekani perekani. Munthu wasunga ndalama mwezi wathunthu, wazisinthitsa kukhala ma K100 ndi ma K200 kuti achedwe pabwalo, ndipo akufuna kuti mawa, kanema akamaonetsedwa pabalaza, zidzaoneke kuti iye anaponya. Gawoli limatenga maola atatu kapena anayi, ndipo wojambula saloledwa kuphethira. Anadutsa a kuchimuna, anadutsa a kuchikazi, anadutsa amayi a kumpingo. Kachizindikiro kaja kanabweranso, kachikasu, kenako kofiira psuu. Nthawi yomweyo MC anaitana malume ake a mkwatibwi, amene anabwera kuchokera ku Johannesburg, suti yoyera mbee, nsapato zosongoka, m'manja muli mpukutu wa ma K5,000 atsopano. DJ anawaikira nyimbo yawo. Anavina kuchokera ku tenti, mapewa akugwedera, n'kuyamba kuponya imodziimodzi akuyang'ana m'lenzi mwanga. Kamera inalemba uthenga woti yatentha kwambiri, ipumule. Sikirini inada bii.

Malume anaona kuti ndadzutsa mutu. Anaponya ina, n'kuima.

"Bwanji achimwene, mwaleka?"

"Pepani malume, kamera yatentha. Yazima yokha."

"Yatentha? Tonse pano tatentha. Wazima ndani?"

Anthu anaseka, koma malumewo sanaseke, ndipo ine ndinawamvetsa. Munthu wayenda ulendo wonse uja kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, wasunga ndalama zake mpaka mphindi imeneyi, ndiye chipangizo cha ndalama zankhaninkhani n'kukomoka iye ali pakati pa bwalo. Ndinayesa kuiyatsa. Inkayaka, kulemba uthenga womwe uja, n'kuzimanso. Zinthu zinafika pa mwana wakana phala.

Alangizi anandizungulira nthawi yomweyo. Wina anati ndiithire madzi pang'ono. Wina anati ndichotse lenzi mphepo ilowe m'kati, pabwalo pamene fumbi linali kobo chifukwa cha ovina. Sensa ikanatuluka ndi madontho pachithunzi chilichonse. Amene anabwera ndi mtima wonse anali mayi wogulitsa mafirizesi. Anatsegula kulabokisi yawo, nthunzi yozizira ikufuka, n'kunena kuti, "Bambo, ilowetseni muno. Mphindi zisanu idzuka." Ndinawathokoza kwambiri koma ndinakana. Kamera ikazizira mwadzidzidzi chonchi, n'kuitulutsiranso ku mpweya wotentha, chinyezi chimasanduka timadontho ta madzi pagalasi, pa sensa ndi pa timawaya ta m'kati, monga botolo lochokera mu firiji limachitira thukuta. Kamera yotentha imadzuka ikapuma. Yolowa madzi m'kati imatha kufa osadzukanso, kapena lenzi n'kudzamera nkhungu patapita miyezi.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wa Ngabu, amene anabwera ku ukwatiwo ngati mlendo. Sanandipatse malangizo. Anandifunsa funso: "Akulu, yazima ndi kutentha, kapena ndi khadi?" Funso limeneli ndi la munthu wodziwa ntchito, chifukwa kamera imasiya kujambula pa zifukwa zingapo ndipo anthu timangoti yatentha. Memore khadi yochedwa kulemba imadula kanema, koma kamerayo imakhalabe yoyaka. Pa 4K pamafunika khadi yolembedwa V30 kapena kuposa, ndipo makhadi achinyengo adzaza m'misika yathu. Batire yotopa imazimitsa kamera popanda kachizindikiro ka kutentha. Makamera akale pang'ono amadula okha akafika mphindi 29 ndi masekondi 59, osati chifukwa cha kutentha koma chifukwa ku Ulaya chipangizo chojambula mphindi 30 kapena kuposa chinkalipira msonkho wa makamera a vidiyo. Yanga inali itaonetsa kachikasu, kofiira, ndi uthenga. Kunali kutentha basi.

Mnyamatayo anathamanga, n'kubwerera ndi kafani kakang'ono ka USB kamene amaziziritsira mafoni akamawotcherera, pamodzi ndi pawabanki. Tinanyamula kamera kupita nayo pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tenti. Ndinatsegula chitseko cha batire n'kuitulutsa. Inali yotentha moti sukanaiika m'thumba la malaya. Ndinatulutsanso khadi, kachitsulo kake kakuwotcha zala. Zitseko zonse ziwiri tinazisiya pululu, sikirini n'kuitambasulira kumbali, kafani kaja kakupemerera pamsana pa kamera. MC, munthu wodziwa ntchito yake, anaona zimene zikuchitika n'kulengeza kuti tsopano ndi nthawi ya zakumwa.

Tikudikira, mnyamatayo anafunsa kuti zimatheka bwanji kamera yodula chonchi kugonja pamene kamera zakale za matepi zinkajambula maukwati tsiku lonse m'dera lomwelo. Yankho lili pa kapangidwe kake. Kamera ya mirrorless ilibe kagalasi kaja kamene mu DSLR kamatumiza kuwala ku diso la wojambula, ndiye sensa imagwira ntchito nthawi yonse imene kamera ili yoyaka, ngakhale usakujambula, kuti uone chithunzi pa sikirini. Ndipo sensa yake ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi ya makamera a matepi aja. Chithunzi chimodzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kupitirira 8 miliyoni, kuwirikiza kanayi 1080p. Pa mafuremu 50, purosesa imalandira zithunzi zoterozo 50 sekondi iliyonse, kuzifinya kuti zikwane pa khadi, kwinaku ikusaka nkhope za anthu kuti zisaoneke mbuu, ikuletsanso chithunzi kugwedera. Makamera ambiri amawerenga sensa yonse, 6K kapena kuposa, kenako n'kuichepetsa kufika pa 4K, ntchito n'kuwonjezekanso. Sensa imatentha, purosesa imatentha, batire ndi khadi nazonso zimatentha. Zonsezi zapanikizidwa m'kabokosi kokwana m'dzanja, komatidwa paliponse kuti mvula ndi fumbi zisalowe, kopanda fani, kopanda kabowo kotulukira mpweya.

Kutentha kumeneko kuli ndi njira imodzi yokha yotulukira: kudutsa m'thupi la kamera n'kupita mu mpweya wa kunja. Tiyi wosiyidwa pakhonde ku Dedza mu Juni amazizira usanamalize kupereka moni, koma tiyi yemweyo ku Ngabu mu Okutobala umam'peza akadali wofunda, chifukwa mpweya womuzungulira ndi wotentha kale. Kamera ndi chimodzimodzi. Kunja kukakhala madigiri 40, kutentha kwa m'kati kumasowa kolowera, ndipo thupi lakuda likakhala padzuwa limayamba kumwa kutentha kwina m'malo motulutsa. Kuzima kuja si kuwonongeka. Kamera imadziteteza yokha kuti za m'kati zisapse.

Itazizira, sindinaibweze pabwalo mmene inalili. Ndinatsitsa kuchoka pa 4K ya mafuremu 50 kufika pa 1080p ya mafuremu 25, zimene zinachepetsa timadontho toti purosesa igaye pa sekondi kuwirikiza kasanu ndi katatu. Ndinazimitsa Wi-Fi ndi Bluetooth, zimene zinkangofunafuna foni popanda wozituma. Choletsa kugwedera ndinachizimitsanso, pakuti kamera ili pa tiraipodi sigwedera. Kuwala kwa sikirini ndinakuchepetsa, sikiriniyo n'kuisiya yotambasula kuti pamsana pa kamera pazidutsa mphepo, kafani kaja titakamangirira ndi mphira pa chogwirira cha tiraipodi. Mu menyu muli malo amene makampani ambiri anaika masiku ano, osankhira kuti kamera izizima ikatentha kufika pati. Ena amalemba Auto Power Off Temp, ena mayina ofananako. Ndinasankha High. Apa ndichenjeze anzanga: kusankha High sikuziziritsa kamera. Kumangoilola kutentha kwambiri isanazime, ndipo mabuku ake amachenjeza kuti ukaigwira m'manja nthawi yaitali ikhoza kukuwotcha khungu pang'onopang'ono iwe osazindikira. N'koyenera kamera ikakhala pa tiraipodi.

Chimene chinaposa zonsezi ndi ambulera. Mayi wa mafirizesi aja anandibwereka yawo, yaikulu ya mawangamawanga, ndipo mwana wawo anaima pambali panga ataigwira mpaka madzulo, n'kulandira yake ya sopo. Mabatire ndinawasiya m'chikwama pamthunzi, n'kumasintha batire ikangofunda, osadikira kuti ithe. Pakati pa gulu ndi gulu, MC akamawerenga ndalama kapena kuchita nthabwala, ndinkaizimitsiratu kamera m'malo moisiya ikudikira. Kachizindikiro kachikasu kanaonekanso dzuwa likupendeka, koma kofiira sikanabwerenso.

MC atalandira chizindikiro changa anakweza mawu: "Malume a ku Joni, kamera yadzuka! Zija munaponya zija palibe mboni. Tiyeni tibwereze!" Bwalo lonse linakuwa. Malume anakhala kaye pampando akupukusa mutu, akulu anzawo akuwakoka mkono, mpaka DJ atabwezeretsa nyimbo ija. Anadzuka. Ulendo uno anayamba adutsa kwa makashiya kukasinthitsa, ndipo anaponya ma K500, koma anavina kuposa poyamba, ndipo anachedwa pabwalo mpaka thukuta linaboola suti. Akwati ndiwo anapindula. Podutsa pafupi nane anandiloza ndi chala n'kunena kuti, "Achimwene, mukaizimitsanso, yachitatu muponya ndinu."

Mkwiyo wanga suli pa dzuwa la ku Ngabu, pakuti dzuwalo lakhala lilipo. Uli pa mmene makamerawa amagulitsidwira. Pa katoni amalemba 4K ndi zilembo zikuluzikulu. Kuti upeze kuti kamerayo inapangidwira kutentha kwa pakati pa madigiri 0 ndi 40 uyenera kufika kumasamba akumapeto a buku lake, ndipo mphindi zimene amalonjeza kuti ijambula isanazime amaziyeza m'chipinda cha madigiri 23 kapena 25, kamera itayamba ili yozizira. Ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Karonga, madigiri 23 mu Novembala mwina uwapeze mbandakucha. Ndipo nyengo yotentha ndi imene ili ndi maukwati ambiri, anthu atagulitsa zokolola, mvula isanayambe.

Makampaniwo vutoli akulidziwa bwino. Sony a6300, imene inatuluka mu 2016, inatchuka ndi kutentha ikamajambula 4K. Mu 2020 Canon inatulutsa EOS R5 ikudzitama ndi 8K, koma kampaniyo inanena yokha kuti 8K imeneyo ndi ya mphindi pafupifupi 20 pa madigiri 23, ndipo ojambula padziko lonse anadandaula kwambiri ndi nthawi yaitali imene inkafunika kuti izizire. Canon inatulutsa firmware yatsopano patangotha milungu yochepa, ndipo mu 2022 inatulutsa R5 C, yokhala ndi fani m'kati. Panasonic anali ataika kale fani mu S1H mu 2019. Sony anaika fani mu FX3 mu 2021 ndi mu FX30 mu 2022, ndipo Fujifilm chaka chomwecho anapanga fani yomangirira kumbuyo kwa X-H2S. Mankhwala ake ndi odziwika: kafani, kofanana ndi kamene mnyamata wa ku Ngabu anandibwereka. Koma m'makamera ambiri fani anaisungira a mtengo wapamwamba, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wojambula maukwati wa kuno amene angakwanitse kamera yotero ndi wowerengeka.

Ndili ndi mawu kwa makasitomala athunso. 4K imene mukuifuna mudzaionera pati? Kanema wa ukwati amathera pa fulashi yolumikiza ku TV ya pabalaza, ndipo tizidutswa take timayenda pa WhatsApp, imene imatifinya mpaka nkhope ya mkwatibwi kusweka. Mkwati wanga ndinamuuza usiku womwewo kuti mwambo wa kutchalitchi uli mu 4K koma perekani perekani kuyambira pa malume ali mu 1080p, ndipo ndinamuchotserako mtengo. Atabwera kudzaona kanemayo mu Blantyre ndinamupempha kuti andiloze pamene 4K yathera. Analoza malo olakwika. Chimene anafuna kuona mobwerezabwereza ndi malume akuvina. Zimene zimapangitsa kanema wa ukwati kukhala wabwino ndi mawu omveka, kuwala kokwanira pankhope, ndi wojambula amene sanaphonye azakhali a munthu. Sindikunyoza 4K. Pa malumbiro, pa kuvekana mphete, pa zithunzi za akwati awiri m'mamawa kapena dzuwa likulowa, ndi yokoma ndipo kamera imaikwanitsa chifukwa ndi tizigawo tatifupi. Koma kuiumiriza kwa maola anayi padzuwa la m'chigwa n'kufuna kutaya gawo limene achibale akulidikira.

Lamulungu ndinadzuka kusanache kukayesa. Ndinaima m'mbali mwa msewu ng'ombe za ku Ngabu zikutuluka m'makola, anyamata akuziimbira likhweru, fumbi likuwala ndi dzuwa lotuluka. Ndinabwezera 4K ya mafuremu 50, popanda fani, popanda ambulera, n'kuisiya ikujambula mpaka ng'ombe yomaliza itadutsa ndi kupitirira apo. Kachizindikiro sikanaoneke. Kamera inalibe matenda. Kafani kaja ndinapempha kuti ndikagule, mnyamatayo anakana ndalama, ndipo tinagwirizana kuti ndimujambulire kakanema kotsatsira malonda ake pa Facebook. Tinajambula pamthunzi wa khonde la shopu yake, iye akumasula foni ndi katsulo kake kakang'ono, akulankhula Chisena ndi Chichewa mosinthasintha.

Nditakwera phiri kubwerera, ndinapita kumene ndinagula kamerayo. Wogulitsa anandilandira ndi nsangala mpaka nditatchula kutentha.

"Bwana, aka n'koyamba kumva. Mwina munaigwetsa?"

Ndinamupempha buku la kamera ya mtundu womwewo imene inali pashelefu, n'kumutsegulira tsamba la madigiri 0 mpaka 40, ndi lina la mphindi zoyezedwa m'chipinda chozizira. Anawerenga mlomo ukugwedera. Anavomera kuti sanalitsegulepo. Ndinamufunsa kuti makamera amenewa wagulitsa angati kwa anyamata a ku Mangochi ndi ku Nsanje, amene ena anachita kukongola ndalama kuti ayambe bizinesi, osawauza chilichonse za dzuwa. Sindikuti asagulitse. Ndikuti pogulitsa azimufunsa munthu kumene akukagwirira ntchito, ndipo pambali pa kamera pazikhala zinthu zimene zimaithandiza m'dziko lotentha: kafani komangirira kumbuyo, khadi yeniyeni ya V30 kapena V60, ndi dummy battery, chija chooneka ngati batire koma chopanda moto m'kati, chokhala ndi waya wopita ku pawabanki, kuti kutentha kwa batire kuzikhala kunja kwa kamera. Amene ali ndi ndalama angathe kuwonjezera chojambulira chapadera cholumikiza pa HDMI, monga zija za Atomos, kuti ntchito yofinya kanema ndi kulemba pa khadi ichoke m'kamera.

Wogulitsayo anati zonsezo alibe, koma akhoza kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg ngati ndipereke theka la ndalama. Kenako anatsitsa mawu, n'kundilozera kamera ina m'galasi, yokhala ndi fani m'kati, n'kunena kuti imeneyo ndiye yanga yeniyeni, andichotserako pang'ono. Mtengo wake unali wokwana maukwati a chaka chathunthu. Ndinapereka theka la dummy battery, ndipo potuluka ndinawoloka msewu kukagula ambulera yoyera yaikulu ndi kachitsulo koimangira pa tiraipodi, pakuti Loweruka lotsatira ndinali ndi chinkhoswe ku Nkhotakota, pamchenga, 1 koloko masana.